Chiboliboli cha ufulu wachibadwidwe cha ku Ankara: n'chifukwa chiyani apolisi anachimangira mpanda?

Nachisale

Moni nonse, abale ndi alongo. Ndikufuna tikambirane za chiboliboli china chimene chili mumzinda wa Ankara, likulu la dziko la Turkey, chifukwa mbiri yake yandisiyira funso limene likundisowetsa mtendere. Chibolibolicho chili pamsewu wa Yüksel, m'dera la Kızılay, pakatikati pa mzindawo, ndipo anthu amachitcha Chipilala cha Ufulu Wachibadwidwe. Anachiumba ndi katswiri wa zosemasema Metin Yurdanur m'chaka cha 1990, atapemphedwa ndi khonsolo ya dera la Çankaya. Sichisonyeza msilikali wonyamula mfuti kapena mtsogoleri wokweza dzanja m'mwamba, koma mayi atakhala pansi, buku lili chitsegulire, akuwerenga chikalata cha mfundo za ufulu wachibadwidwe chimene bungwe la United Nations linavomereza ku Paris pa 10 Disembala 1948.

M'mwezi wa Meyi 2017 apolisi anazinga chibolibolichi ndi mpanda wa zitsulo, moti palibe amene ankaloledwa kuyandikira, ndipo mpandawo unakhalapo miyezi pafupifupi 14 mpaka mu Julayi 2018. Zithunzi za nthawi imeneyo zimaonetsa mayi wa mkuwa uja akuwerengabe buku lake ali mkati mwa zitsulo, ngati munthu amene ali m'chitokosi.

Funso langa lili pawiri. Loyamba n'lakuti, kodi boma limene lili ndi asilikali, apolisi, makhoti ndi ndende linaopa chiyani pa chinthu chosayankhula, chosayenda, chosapuma? Lachiwiri n'lakuti, ngati chipilala cha ufulu chingathe kutsekeredwa chonchi m'dziko limene linavotera chikalata chimene mayiyo akuwerenga, kodi kuimika zipilala zotere kuli ndi phindu lililonse? Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu ndisanaifotokozere ana nkhaniyi.

aMbewe

Zikomo Mayi Nachisale. Ndiyambira funso lachiwiri, ndipo ndinena mosabisa kuti ine zipilala zamtunduwu sindizikhulupirira. Kuumba chiboliboli n'kosavuta poyerekeza ndi kuletsa wapolisi kumenya munthu amene ali m'manja mwake. Chaka cha 1990 chimene mwatchulacho chinafika patangopita zaka 10 chichitikireni kulanda boma kwa asilikali a dzikolo pa 12 Sepitembala 1980, pamene anthu ambirimbiri anamangidwa ndi kuzunzidwa, ndipo m'zaka zotsatira dziko lomwelo linapezeka lolakwa kambirimbiri kukhoti la ufulu wachibadwidwe la mayiko a ku Ulaya, limene lili ku Strasbourg m'dziko la France. Mayi wa pamsewu wa Yüksel anali pompo akuwerenga nthawi yonseyo, ndipo sanapulumutse munthu ngakhale mmodzi.

Choopsa chimene ndimaona n'chakuti chipilala chimatha kukhala chophimba. Alendo akafika amachiona nakhulupirira kuti kuno ufulu ukulemekezedwa, akuluakulu amaikapo maluwa kamodzi pachaka, kenako aliyense n'kubwerera kukachita zomwe amachita kale. Ndalama za mkuwazo zikanalipira maloya oimira anthu osauka, ine ndikanaona kuti zagwira ntchito.

aKwenda

Tisanapite patali, ndibwino tiike poyera chimene chinabweretsa mpandawo, chifukwa apolisi sanangodzuka m'mawa n'kuganiza zomanga chiboliboli.

Usiku wa pa 15 Julayi 2016 gulu lina la asilikali linayesa kulanda boma la Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan. Anthu pafupifupi 250 anaphedwa, ndipo ndege zankhondo zinaphulitsa mbali ina ya nyumba ya malamulo mu Ankara momwemo. Chiwembucho chitalephereka, boma linaloza chala mtsogoleri wachipembedzo Fethullah Gülen, amene ankakhala ku Pennsylvania m'dziko la America, ngakhale kuti iye anakana. Kenako linalengeza kuti dziko lili pangozi ndipo linayamba kulamulira pogwiritsa ntchito malamulo apadera osadutsa m'njira za masiku onse. Pogwiritsa ntchito malamulo amenewa, anthu ogwira ntchito m'boma oposa 100,000 anachotsedwa ntchito: aphunzitsi, oweruza milandu, apolisi, madokotala ndi ena. Njira yake inali yakuti mayina awo ankangosindikizidwa pamndandanda m'nyuzipepala ya boma, munthu osaitanidwa kuti amve mlandu wake kapena kuti adziteteze. Amene dzina lake latuluka ankaletsedwa kugwiranso ntchito m'boma, ndipo ambiri analandidwa mapasipoti.

Pa 9 Novembala 2016 mayi wina wophunzitsa ndi kufufuza pa yunivesite, Nuriye Gülmen, amene anali ataimitsidwa ntchito, anapita yekha pachiboliboli chija atanyamula chikwangwani chonena kuti akufuna ntchito yake ibwerere. Apolisi anamutenga, ndipo atamumasula anabwereranso pomwepo, ndipo izi zinachitika mobwerezabwereza. Patapita masiku anabwera Semih Özakça, mphunzitsi wa kupulayimale amene anachotsedwa ntchito m'chigawo cha Mardin, ndi enanso angapo. Pa 9 Malichi 2017 awiriwa anayamba kunyanyala chakudya, ndipo anthu obwera kudzawaona pachipilalapo anayamba kuchuluka tsiku ndi tsiku. Cha kumapeto kwa Meyi, atatha masiku oposa 70 osadya, anagwidwa n'kutsekeredwa powaganizira kuti ali m'gulu la DHKP-C, limene boma la Turkey limaliika m'gulu la zigawenga. Mpanda uja unaikidwa nthawi yomweyo.

Tsono Mayi Nachisale, chimene anatseka kwenikweni si mkuwa ayi, koma malo amene anthu anazolowera kukumanapo.

Nangozo

Bambo Kwenda afotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezera zimene ndinaona ndi maso anga, chifukwa ndinakhala mu Ankara pa maphunziro kuyambira chakumapeto kwa 2017 mpaka 2019.

Msewu wa Yüksel si bwalo lalikulu la zikondwerero za boma. Ndi kamsewu ka anthu oyenda pansi, ka mitengo m'mbali, kodzaza ndi ophunzira, ogulitsa mabuku ndi malo omwera tiyi, ndipo munthu akatuluka pasiteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka ya Kızılay amafikapo m'mphindi zochepa. Mnzanga wa m'kalasi, mwana wa mumzindamo, atanditengera kumeneko koyamba, anayamba kutsitsa mawu tisanafike n'komwe. Ndinaona zitsulo zitazungulira mbali zonse, apolisi ataima pafupi, ndipo mayiyo ndinamuonera pamipata ya zitsulozo. Mnzangayo anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndisatulutse foni, tingodutsa. Chimene sindidzaiwala n'chakuti anthu odutsa pamenepo ankayenda mothamanga pang'ono, koma pafupifupi aliyense ankaponya diso kumbaliko, kamodzi kokha, kenako n'kuyang'ananso kutsogolo. Anandiuza kuti kale anthu akamapangana zokumana m'tauni ankangoti tipezane pachiboliboli, ndipo ambiri sankalabadira n'komwe kuti mayiyo akuwerenga chiyani.

Ndichifukwa chake sindingagwirizane ndi Bambo Mbewe pa zonse. Zoona, chiboliboli sichinapulumutse munthu. Koma tsiku limene mayi Gülmen anasowa kokadandaula, makhoti atatseka zitseko ndipo kuntchito atamukana, anadziwa kumene angakaime kuti aliyense womuona amve tanthauzo lake popanda kufotokoza zambiri. Akanakaima pakhomo pa sitolo, akanangokhala munthu wa chikwangwani. Ataima pafupi ndi mayi wowerenga chikalata chija, wapolisi aliyense womukoka ankamukokera pamaso pa mawu amene dziko lake linavomereza.

aMbewe

Achemwali a Nangozo, umboni wanu ndaulandira ndi ulemu, pakuti inu munafika pamalopo ndipo ine sindinafikepo. Koma onani mapeto ake. Anthu awiriwo anatha masiku 324 osadya, matupi awo anaonongeka, ndipo anasiya kunyanyalako pa 26 Januwale 2018 komiti imene boma linakhazikitsa kuti iunike madandaulo a ochotsedwa ntchito itakana pempho lawo. Nanga chipilalacho chinawapindulira chiyani?

aChirwa

Ndilowepo ngati munthu amene ntchito yake ndi yosema ndi kuumba. Ndikuona kuti tikukambirana ngati kuti ziboliboli zonse n'zofanana, pamene maonekedwe a ichi ndiwo achititsa kuti nkhani ifike pamene yafikapa.

Wosema akafuna kuti anthu aope kapena agonje, amaika chiboliboli pamwamba pa tsinde lalitali, kuti woonera apendeke khosi. Pamenepo munthu amadziona wochepa, amajambulitsa chithunzi n'kuchoka. Yurdanur anachita zosiyana. Anamukhazika pansi mayiyo, pamsinkhu woti munthu wodutsa angathe kumuyang'ana kumaso ndi kumuikira duwa pabuku, ndipo anamupatsa ntchito imene aliyense angathe kuichita, ndiyo kuwerenga. Mutu wake waweramira m'buku, sakulamula munthu, sakuitana munthu. Chiboliboli chotere chimasiya malo pambali pake, ndipo munthu akakhala pamenepo amaoneka ngati mbali ya chosemacho. Ndikhulupirira kuti ichi ndicho chinakopa anthu a m'bindikiro aja, kaya ankadziwa kaya sankadziwa.

Palinso nkhani ya chipangizo. Poyamba chibolibolichi chinapangidwa ndi fiberglass, imene ndi yopepuka ndi yotsika mtengo koma imatha msanga ndi dzuwa, mvula ndi manja a anthu. M'chaka cha 2010 chinaumbidwanso ndi bronze, ndiye kuti mkuwa wosakaniza ndi tin. Ntchito imeneyi si yamasewera. Umayamba ndi chikombole, n'kupanga chithunzicho ndi phula, n'kuchikuta ndi dothi losapsa ndi moto, n'kusungunula phulalo kuti lituluke, kenako n'kuthira chitsulo chosungunuka m'malo amene phula lasiya. Chikazizira umaswa chikutocho, n'kulumikiza zidutswa ndi kupala mpaka mizere yolumikizira isaoneke. Mzinda ukalolera kuchita zonsezi patapita zaka 20, ndiye kuti wanena kuti chinthuchi tikuchifuna chikhalitse. Ndipo mkuwa uli ndi khalidwe limene ine ndimalikonda kwambiri: pamene manja a anthu amagwirapo kawirikawiri pamawala, pamene sagwirapo pamada. Ukafuna kudziwa ngati chiboliboli chili ndi anthu ake, umayang'ana pamene pawala.

Kwa Bambo Mbewe ndinganene kuti maloya ndi ofunika, koma loya amagwira ntchito m'chipinda chimene anthu ochepa amalowamo. Chosema chimagwira ntchito panja, pamaso pa mwana wasukulu amene sadzalowa m'khoti moyo wake wonse.

aKwenda

Ndikufuna kuti tisaiwale mbali ya boma, chifukwa tikaisiya tikhala tikuweruza mlandu titamva mbali imodzi, chomwe ndi chinthu chimene tikudzudzulacho. Mzinda wa Ankara unali utavulazidwa kwambiri. Pa 10 Okutobala 2015 mabomba awiri anaphulika pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, pamsonkhano wopempha mtendere, n'kupha anthu oposa 100. Pa 13 Malichi 2016 galimoto ya bomba inaphulika ku Kızılay komweko, mtunda waufupi kuchoka pachibolibolichi, n'kupha anthu oposa 30. Kenako kunabwera chiwembu cha mu Julayi chija. Wapolisi wamkulu amene akuona khamu likusonkhana pamalo amodzi tsiku lililonse mumzinda wotere ali ndi chifukwa chomveka chodera nkhawa.

Malamulo a mayiko nawonso amavomereza kuti dziko likakhala pangozi yeniyeni lingathe kuchepetsa maufulu ena kwa kanthawi. Pangano la ufulu wachibadwidwe la mayiko a ku Ulaya lili ndi ndime 15 yonena zimenezi, ndipo Turkey inadziwitsa mayiko anzake mu Julayi 2016 kuti ikugwiritsa ntchito ndimeyo. Koma ndime yomweyo imaika malire awiri. Pali maufulu ena osakhudzika ngakhale pa nkhondo, monga kuletsa kuzunza munthu ndi ukapolo. Ndipo chilichonse chimene boma lachita chiyenera kukhala chofanana ndi kukula kwa ngoziyo, osapitirira. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti boma linaphonya. Kuteteza khamu ku bomba kumatheka posecha zikwama ndi kuika alonda. Kutseka malo amodzi okha kwa miyezi 14, pamene msewu wonsewo ukudzazabe ndi anthu omwa tiyi ndi ogula mabuku, kukusonyeza kuti chimene ankaletsa si khamu koma uthenga wa khamulo.

Nachisale

Zikomo Bambo Kwenda chifukwa chosatilola kuthamangira mbali imodzi. Ndatsegula chikalata cha 1948 chija pamene mukuyankhula. Chili ndi ndime 30, ndipo ndadabwa kuona kuti nkhani yonse ya pamsewu wa Yüksel ili momwemo. Ndime 10 ikunena za kuweruzidwa mwachilungamo ndi poyera, ndime 11 ikuti munthu ndi wosalakwa mpaka mlandu utamupeza, ndime 19 ikunena za ufulu woyankhula, ndime 20 za ufulu wosonkhana mwamtendere, ndipo ndime 23 za ufulu wogwira ntchito. Tsiku lovota ku Paris mayiko 48 anavomereza, panalibe lokana, ndipo 8 sanavote mbali iliyonse, kuphatikizapo Soviet Union, Saudi Arabia ndi South Africa. Turkey inali pakati pa ovomereza aja.

Ndaonanso kuti kusankha munthu wamayi kukhala wowerenga kuli ndi maziko ake m'mbiri ya chikalatacho. Komiti yolemba inkatsogoleredwa ndi mayi wa ku America, Eleanor Roosevelt, ndipo nthumwi ya ku India, Hansa Mehta, ndiyo inalimbikira kuti ndime yoyamba isanene za amuna okha monga zinalembedwera poyamba, koma za anthu onse.

aPhiri

Ine ndakhala ndikungowerenga, koma funso la Bambo Mbewe lakuti chipilala chinawapindulira chiyani landikhudza pamalo owawa, ndiye ndiloleni ndiyankhe kuchokera pa zimene zinandigwera.

Zaka zingapo zapitazo ndinachotsedwa ntchito pamalo amene ndinagwirapo zaka zoposa 10. Ndinafika m'mawa monga mwa masiku onse, mlonda wa pageti, munthu amene tinkapatsana moni tsiku lililonse, anandipatsa envulopu osandiyang'ana kumaso. M'katimo munali kalata ya mizere inayi yonena kuti ntchito yanga yatha kuyambira tsiku lomwelo. Chifukwa sichinalembedwe. Ndinapempha kuti ndilowe ndikatenge kapu yanga ndi zithunzi za ana anga zimene zinali m'dirowa, ndipo anandiuza kuti adzanditumizira. Ndinaima pageti paja nthawi yaitali, anzanga akudutsa, ena akutembenuzira nkhope kumbali.

Ndalama zinandisowa, inde, koma chimene chinandidwalitsa si umphawi ayi. Chinali chakuti panalibe munthu wondiuza chimene ndalakwa, ndipo panalibe malo oti ndikaime n'kunena kuti ndifunseni, ndiyankhe. Anthu akamva kuti wachotsedwa popanda chifukwa chonenedwa, amadzipezera okha chifukwa, ndipo chimene amapezacho chimakhala choipa kuposa choonadi. Umayamba kuyenda ngati wakuba usanabe kanthu.

Tsono ndikamva za mphunzitsi amene dzina lake lasindikizidwa pamndandanda wa anthu oganiziridwa kuti ndi zigawenga, ndimadziwa kuti chimene ankafuna pachiboliboli paja si malipiro okha. Ankafuna kuti anthu amuone nkhope. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo anatsekula chitseko chimene anthu oposa 100,000 ankaopa kuchigwira. Ntchito sanaipeze panthawiyo, Bambo Mbewe, koma mayina awo anachoka pamndandanda wa anthu opanda nkhope n'kukhala mayina a anthu amene dziko lonse lapansi linamva madandaulo awo. Munthu amene sanachotsedwepo ntchito mwanjira imeneyi angaone ngati n'zochepa. Ine ndikanakhala ndi malo otere tsiku lija, ndikanapitako.

aMbewe

Achimwene a Phiri, pepani kwambiri chifukwa cha zimene munadutsamo, ndipo zikomo potiuza. Mawu anu andipangitsa kuona mbali imene sindinaiganize, ndipo sindibwerezanso kunena kuti malowo analibe ntchito.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene mtima wanga ukukana, ndicho kunyanyala chakudya. Ndikuopa kuti tikamatamanda chipilalachi chifukwa cha zimene zinachitikirapo, tikhala tikuuza achinyamata kuti njira yoti umveke ndiyo kuononga thupi lako. Awiri aja ankangomwa madzi a shuga ndi mchere pamodzi ndi vitamini B1, amene amateteza ubongo kuti usaonongeke msanga, ndipo n'chifukwa chake anakhala moyo nthawi yaitali chotero. Ena sanapulumuke. Loya Ebru Timtik, mmodzi wa maloya amene anagwidwa mu Sepitembala 2017 mlandu wa awiriwa utatsala pang'ono kuyamba, anamwalira mu Ogasiti 2020 atatha masiku 238 osadya, akupempha kuti aweruzidwe mwachilungamo. Ndime 3 ya chikalata chomwe mayi wa mkuwa akuwerenga ikunena za ufulu wokhala ndi moyo. Ine sindingathe kuuika pambali ufulu umenewo, ngakhale mwini moyo atavomera yekha.

Nangozo

Pamenepa Bambo Mbewe ndili nanu limodzi, ndipo anzanga ambiri a ku Ankara, ngakhale amene ankawamvera chisoni awiriwo, ankapemphera kuti asiye. Koma tikumbukire ndondomeko ya zinthu. Anayamba ndi chikwangwani ndi kukhala pansi, kwa miyezi inayi yathunthu, ndipo yankho linali kugwidwa ndi kumasulidwa kosalekeza. Komiti yomva madandaulo inalengezedwa mu Januwale 2017 koma inayamba kulandira madandaulo mu Julayi, iwo ali kale m'ndende. Kusadya kunabwera pamene njira zofatsa zinakhala zosayankhidwa. Mlandu wa zimenezo sindingauike pa chiboliboli, kapena pa anthu amene anasonkhana pochizungulira.

aChirwa

Ndikufuna kuyerekeza ndi chipilala china chimene chinatsegulidwa chaka chomwecho cha 1990 ku Ottawa, likulu la Canada, chifukwa chikuyankha nkhawa ya Bambo Mbewe yakuti chipilala chimakhala chophimba. Anachikonza ndi Melvin Charney, ndipo anachitsegula ndi Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet. Icho si chithunzi cha munthu mmodzi, koma khoma lalitali la mwala wofiira lokhala ndi khomo, ndipo pamwalapo panalembedwa mawu oyamba a ndime yoyamba ya chikalata chija m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Munthu amalowa pakhomopo n'kuyenda mkati mwake. M'katimo mawu onena za kufanana, ulemu ndi ufulu analembedwa m'zilankhulo zambiri za anthu amene anali eni nthaka Azungu asanafike. Nelson Mandela anafikapo mu 1998 pokumbukira John Peters Humphrey, loya wa ku Canada amene analemba zolemba zoyambirira za chikalatacho.

Pamene chipilalachi chinkatsegulidwa, sukulu zogonera komweko zimene ana a eni nthaka ankatengeredwako mokakamiza, n'kumaletsedwa kuyankhula zilankhulo zawo, zinali zisanatsekedwe zonse, pakuti zomaliza zinatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Wina angati ichi ndicho chinyengo chimene Bambo Mbewe akunena. Ine ndimaona mwina. Dziko likalemba lonjezo pamwala pakati pa likulu lake, lapereka mboni yodzitsutsa nayo lokha, ndipo olakwiridwa angathe kubwera n'kuloza. Lonjezo la m'kabati ya ofesi limaiwalika mosavuta, koma la pamsewu aliyense amalidutsa.

aKwenda

Mfundo ya Bambo Chirwa ikundifikitsa pa funso loyamba la Mayi Nachisale, limene ndikuona kuti sitinaliyankhe mokwanira. Boma likanatha kuchotsa chibolibolicho usiku umodzi. Zoterezi zinachitikapo kwina: mu Disembala 2021 chipilala chokumbukira anthu ophedwa ku Tiananmen, mumzinda wa Beijing ku China, chinachotsedwa usiku pa yunivesite ya Hong Kong. Ku Ankara sanatero, ndipo ndikuona zifukwa ziwiri. Choyamba, chibolibolicho chinaimikidwa ndi khonsolo, osati boma lalikulu, ndipo dera la Çankaya lakhala kwa zaka zambiri m'manja mwa chipani cha CHP, chimene chimatsutsa boma la Erdoğan. Chachiwiri, Turkey ndi membala wa Council of Europe, bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, ndipo inasaina mapangano a ufulu wachibadwidwe, kotero kugwetsa chipilala cha dzina limeneli kukanakhala kulengeza poyera chinthu chimene boma linkakana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sakanatha kuswa mkhate, ndiye anaumangira mpanda.

Koma mpandawo unabala chimene sankafuna. Nyuzipepala ndi mawayilesi a mayiko ambiri anaonetsa chithunzi cha ufulu wachibadwidwe uli m'zitsulo, ndipo anthu a mumzindamo anayamba kunena kuti chiboliboli nachonso chamangidwa. Munthu amene sakanawerenga malamulo apadera aja ankamva nkhani yonse poona chithunzi chimodzi.

aMbewe

Ndavomera kuti mpanda unachititsa manyazi amene anaumanga. Chimene ndikufuna kuti Mayi Nachisale asabisire ana ndi nthawi imene mpandawo unachotsedwa. Semih Özakça anatulutsidwa m'ndende mu Okutobala 2017 ndipo khoti linamupeza wosalakwa pa 1 Disembala, tsiku lomwe Nuriye Gülmen anagamulidwa zaka 6 ndi miyezi 3 koma n'kutulutsidwa podikira apilo. Kunyanyala chakudya kunatha mu Januwale 2018. Ulamuliro wa nthawi ya ngozi unatha mu Julayi 2018, ndipo mpanda unachoka mwezi womwewo. Ndiye kuti boma linauchotsa pa nthawi imene linasankha lokha, litaona kuti khamu lija labalalika. Ana adziwe zimenezo, kuti asaganize kuti zitsulo zinagwa chifukwa cha mphamvu ya chiboliboli.

Nachisale

Sindibisa, Bambo Mbewe. Ndaganiza zowaonetsa zithunzi ziwiri, china cha chiboliboli chili poyera ndi china chili mumpanda, pamodzi ndi ndime zisanu zija, kenako ndiwauze masiku onse monga mwawatchulira, kuphatikizapo za mabomba zimene Bambo Kwenda atikumbutsa ndi za imfa ya loya uja. Achemwali a Nangozo, popeza munalipo mpanda utachotsedwa, tiuzeni mmene pamalopo panalili, kuti ndikawafotokozere zoona.

Nangozo

Ndinapitako patangopita masiku ochepa, ndi mnzanga yemwe uja. Apolisi sanachoke, anali chapafupi ndithu, ndipo aliyense wotulutsa chikwangwani ankamutenga monga kale. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano munthu ankatha kufika pafupi. Ndinaona koyamba nkhope ya mayiyo popanda chitsulo chondidula maso, ndipo inali yofatsa kuposa mmene ndinkaganizira. Pabuku lake panali maluwa ofiira angapo, ena atayamba kale kufota. Bambo wina wachikulire anafika ndi kamtsikana, mwina mdzukulu wake, n'kukanyamula kuti kaone chimene chili m'bukumo, ndipo kanagwira tsambalo ndi chala. Mnzanga uja, amene ulendo woyamba anandiletsa kutulutsa foni, anayang'ana kumene kunali apolisi, kenako anandipatsa foni yake n'kukaima pambali pa mayiyo kuti ndimujambule.